Therere la ku Chiweta ndi Kusiyana kwa Chibadwa cha Mbewu Zake

Chiweta ndi malo amene msewu wa M1, utatsika zitunda zokhotakhota kuchokera ku chigwa cha Henga, umafika m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'boma la Rumphi, ndipo ndi amodzi mwa malo ochepa m'dziko muno kumene nyengo imasintha kwambiri pa mtunda waufupi. Nyanjayi ili pa mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja zamchere, Livingstonia ili pa mamita oposa 1,200, pomwe mapiri a Nyika amapitirira mamita 2,000 ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chimene chimawaula zomera. Popeza mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, mlimi wa chinangwa wa kunyanja ndi mnzake wa khofi wa ku mapiri a Phoka angathe kukumana pa msika umodzi, koma minda yawo imalandira kutentha kosiyana kwambiri. Therere lobala, lomwe njere zake zimachedwa kumera m'nthaka yozizira ndipo limakondwa dzuwa likamaswa mtengo, ndi mbewu imene imaonetsa msanga kusiyana kumeneku, ndipo n'chifukwa chake dera la Chiweta ndi loyenera kuti funso la chibadwa cha therere lifunsidwireko.

M'makhitchini a ku Malawi ndiwo zoterera zimachokera ku zomera zingapo, monga denje ndi chewe zimene amathyola masamba ake, koma nkhani ino ikunena za therere lobala, lija amathyola zipatso zake zikadali zanthete. Akatswiri a zomera amalitcha Abelmoschus esculentus, dzina limene Conrad Moench adalikhazikitsa m'chaka cha 1794 atalichotsa m'gulu la Hibiscus, mmene Carl Linnaeus adaliika m'chaka cha 1753. Lili m'banja limodzi ndi thonje, chidede komanso mlambe, ndipo ubale wake ndi thonje umaonekera poyera pa duwa lake lachikasu lokhala ndi kadontho kofiirira pakati. Ubalewo uli ndi zovuta zake, pakuti mbozi zina zoboola zipatso za thonje zimaboolanso therere, ndipo tizilombo toyamwa madzi a m'masamba timachoka pa mbewu imodzi kupita pa inzake popanda chotchinga.

Chomera chilichonse chimanyamula malangizo a kakulidwe kake m'timagawo tosaoneka ndi maso totchedwa majini, tomwe timapangidwa ndi DNA ndipo timapatsiridwa kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana kudzera m'njere. Akatswiri akamanena za kusiyana kwa chibadwa amatanthauza kuchuluka kwa mitundu ya malangizowo pakati pa zomera za mtundu umodzi waukulu. Pa therere kusiyanaku kumaoneka m'zinthu zimene mayi aliyense wolima pakhomo amazidziwa: pali lalitali loposa munthu ndi lalifupi lofika m'chiuno, pali la tsinde lobiriwira ndi la tsinde lofiira, pali la masamba ong'ambika kwambiri ndi la masamba otambalala, pali la zipatso zazitali zowonda ndi la zipatso zazifupi zonenepa. Zipatso zina zimakhala ndi nthiti 5, zina zimafika 8 kapena 10, ndipo zina zimakhala zosalala. Lina lili ndi tiubweya toyabwa kwambiri moti wothyola amavala malaya a manja aatali ngakhale kukutentha, pomwe lina siliyabwa konse. Mitundu yofulumira imayamba maluwa pakatha masiku pakati pa 35 ndi 60 chibzalire, ndipo yochedwa ingathe kudikira miyezi ingapo.

Palinso kusiyana kwina kumene wopima zomera m'munda sangakuone, chifukwa kumaonekera mumphika. Kuterera kwa therere kumachokera ku mtundu wa shuga wolumikizana m'maunyolo aatali amene amasunga madzi, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu komanso msinkhu wa chipatso. Wophika amafuna therere limene, akalidula n'kuliika m'madzi owira a chidulo kapena a soda, lifewa msanga ndi kugwirana bwino kuti liyende ndi nsima, kaya ya chimanga kaya kondowole wa chinangwa amene anthu a kunyanja amadalira. Amafunanso limene silikhwima msanga, popeza chipatso cha therere chimakhala chabwino pa masiku 5 mpaka 7 duwa litatseguka, ndipo pa mitundu ina kuchedwa ndi masiku awiri okha kumachisandutsa cha ulusi wosatafunika. Banja limene dimba lake lili kutali ndi nyumba, moti silingapiteko tsiku ndi tsiku, limaona kuchedwa kukhwima ngati khalidwe lofunika kuposa kuchuluka kwa zipatso. Kwa amene amafutsa, funso limakhala lakuti therere lodulidwa ndi kuyanikidwa padzuwa lidzatererabe kapena ayi pamene mfutso udzaphikidwa m'mwezi wa Okutobala, ndiwo zamasamba zitasowa.

Mbiri ya chimanga m'dziko muno ikusonyeza kuti zofuna za kukhitchini si nkhani yaing'ono. Kwa zaka zambiri alimi ankakana kudya chimanga cha haibulidi chofewa, ngakhale chinali chobereka kwambiri, chifukwa chinkanyenyeka mumtondo ndiponso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe, ndipo zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1990 pamene akatswiri a ku Chitedze adatulutsa MH17 ndi MH18, mitundu yolimbirapo imene inkakonoleka moyandikira chimanga cha makolo. Wofufuza za therere amene angayeze kulemera kwa zokolola kokha, osafunsa amayi amene amaliphika, adzabwereza cholakwa chimene chidatenga zaka zambiri kuti chikonzedwe pa chimanga.

Komabe si kusiyana konse kooneka ndi maso kumene kumachokera ku chibadwa. Njere za chipatso chimodzi zikagawidwa, zina n'kubzalidwa m'nthaka yachonde pafupi ndi pamene mtsinje wa North Rumphi umathira m'nyanja, zina pa chitunda cha miyala kumtunda, zomera zake zidzasiyana msinkhu, kukula kwa masamba ndi tsiku loyamba maluwa, ngakhale malangizo a m'kati mwake ndi pafupifupi ofanana. Kuti alekanitse zimene chomera chatengera kwa makolo ndi zimene malo achichititsa, akatswiri amasonkhanitsa mbewu zochokera kwa alimi osiyanasiyana, n'kuzibzala pamodzi m'munda umodzi tsiku limodzi, mtundu uliwonse m'tizigawo tingapo tomwazikana, kotero kuti kusiyana kumene kwatsalabe kuyenera kukhala kwa chibadwa. Kenaka amabwereza ntchitoyo m'malo ena ndi m'nyengo zina, chifukwa mtundu umene wapambana pamalo otentha ungathe kugonja pamalo ozizira. M'madera ambiri kuyesa kotereku kumafuna maulendo aatali ndi ndalama zambiri, pomwe pakati pa Chiweta, Nchenachena ndi chigwa cha Henga malo otentha, ozizira ndi apakatikati ali m'boma limodzi, m'manja mwa alangizi a zaulimi amene amadziwana.

Kutalika kwa usana nakonso kumalowererapo. Therere ndi chimodzi mwa zomera zimene zimafulumira kuchita maluwa usana ukafupika, ndipo mitundu yake imasiyana kwambiri pa kamvedwe ka chizindikiro chimenechi. Chiweta ili pa madigiri pafupifupi 11 kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, kumene usana wa mu Disembala umaposa wa mu Juni ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kwa munthu kusiyanaku n'kochepa, koma kwa therere lomva msanga kutalika kwa usana n'kokwanira kuti likabzalidwa ndi mvula yoyamba lizingokula masamba ndi nthambi, n'kudzayamba kubala usana utayamba kufupika. Munda umene muli mitundu yofulumira ndi yochedwa umapereka ndiwo kwa miyezi yambiri, ndipo mlimi amene amasunga mitundu iwiriyi mosakaniza amakhala akuchita mwadala, ngakhale munda wakewo ungaoneke wosalongosoka kwa mlendo wozolowera mizere ya mbewu yofanana.

Mmene mbewu imasungikira ndi mmene imatayikira

Duwa la therere limatseguka m'mawa ndipo limafota tsiku lomwelo. Lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi pamodzi, motero nthawi zambiri mungu wake umagwera pa duwa lomwelo, ndipo ana amafanana ndi kholo lawo. Ichi ndicho chifukwa chake banja lingathe kusunga mtundu wake kwa zaka zambiri osasintha kwenikweni. Koma duwalo ndi lalikulu ndipo limakopa njuchi ndi tizilombo tina, zimene zimatenga mungu wa chomera china, ndipo kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wapeza kuti kusakanikirana kotereku kumachitika pa maluwa 4 mpaka 19 mwa 100 aliwonse, ndipo kumaposa pamenepo kumene njuchi zili zambiri. N'chifukwa chake malamulo a mbewu a ku India amafuna kuti munda wochulukitsa mbewu yovomerezeka utalikirane kwambiri ndi therere lina, ndipo wa mbewu ya maziko utalikirane koposa. M'mphepete mwa nyanja ku Rumphi, kumene malo olimika ndi kamzere kopapatiza pakati pa madzi ndi phiri ndipo minda imagundana, mtunda wotere supezeka kawirikawiri, kotero mitundu yoyandikana imabwerekana majini pang'onopang'ono chaka ndi chaka.

Njira imene mbewu imasankhidwira pakhomo ndiyo ili ndi mphamvu yaikulu pa tsogolo la mtundu uliwonse. Chomera cha therere chikasiyidwa kuti zipatso zake zikhwime, chimachepetsa kutulutsa maluwa atsopano, choncho wolima amathyola zonse zanthete ndipo mbewu amaitenga ku zipatso zomalizira kapena zimene zidabisala m'masamba mpaka kukhwima. Popanda kufuna, kachitidwe kameneka kangathe kukondera zomera zochedwa kubala kapena zimene zipatso zake zimauma msanga, zomwe ndi zosiyana ndi zimene wophika amafuna. Vuto lina lagona pa chiwerengero. Chipatso chimodzi chimakhala ndi njere pakati pa 30 ndi 80, motero zipatso ziwiri kapena zitatu zopachikidwa pa utsi m'khitchini zimakwanira kubzala kamunda konse ka chaka chotsatira. Ngati zipatsozo zachokera pa chomera chimodzi, malangizo onse amene anali m'zomera zina za m'mundamo athera pomwepo, osati chifukwa anali oipa koma chifukwa sadasankhidwe. Akatswiri amati kutayika kotereku n'kwamwangozi, ndipo kumakula pamene zomera zopereka mbewu zikuchepa.

Chimene chimabwezeretsa zotayikazo ndi kuyenda kwa mbewu pakati pa anthu. Pakati pa Atumbuka mkazi akakwatiwa amasamukira kumudzi kwa mwamuna wake, ndipo popeza ndiwo zamasamba zimakhala m'manja mwa amayi, ukwati, maliro ndi maulendo ochezera abale ndi njira zimene kambewu komangidwa pakansalu kamadutsira kuchoka kunyanja kupita kumtunda, kapena kuchoka ku Karonga ndi ku Nkhata Bay kufika ku Mlowe. Mudzi umodzi ungataye mtundu wake chifukwa cha chilala kapena madzi osefukira, koma malinga ngati mudzi wina ukadali nawo, mtunduwo umabwerera. Chuma chenicheni cha chibadwa, pamenepa, chimakhala m'dera lonse ndi m'maubale a anthu ake, ndipo ubale ukazirala mbewu nayo imasiya kuyenda.

Chiyambi cha therere ndi nkhani imene akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Nikolai Vavilov, katswiri wa ku Russia amene adayendera maiko ambiri kusonkhanitsa mbewu m'zaka za m'ma 1920, adaliika pakati pa mbewu zochokera ku Ethiopia, pomwe ena amaloza ku India ndipo ena kumadzulo kwa Africa. Umboni wina uli m'makromosomu, omwe ndi timitolo timene majini amasanjidwamo m'kati mwa selo. Munthu ali ndi makromosomu 46, chimanga chili ndi 20, koma therere lolimidwa kawirikawiri lili ndi 130, chiwerengero chimene chikusonyeza kuti lidabadwa pamene zomera ziwiri zapachibale zidakwatirana ndipo mwana wake adasunga mitolo yonse ya makolo awiriwo. M'chaka cha 1956 akatswiri a ku India, Joshi ndi Hardas, adasonyeza kuti limodzi mwa makolowo liyenera kukhala Abelmoschus tuberculatus, chomera cham'tchire cha ku India chokhala ndi makromosomu 58.

Kubadwa kotereku kuli ndi zotsatira zake. Ngati mbewu yonse idachokera ku zomera zochepa zimene zidakwatirana kalekale, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikudzipatsa yokha mungu, ndiye kuti idayamba ulendo wake ndi malangizo ochepa. Kafukufuku woyerekeza DNA ya mitundu ya therere, amene wachitika ku Brazil, Turkey, India ndi ku World Vegetable Center ku Taiwan, kawirikawiri wapeza kuti mitundu yolimidwa ndi yoyandikana kwambiri kuposa mmene maonekedwe ake angaganiziritsire munthu. Tsinde lofiira ndi lobiriwira zingasiyane pa majini ochepa chabe, pomwe zomera ziwiri zooneka chimodzimodzi zingasiyane pa kupirira matenda. Mfundo imeneyi iyenera kumveka bwino, chifukwa ena angaitenge ngati chifukwa chonyozera mitundu ya makolo. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti pamene kusiyana kuli kochepa padziko lonse, kagawo kalikonse kamene katsala m'munda wa mlimi n'kovuta kukapezanso kwina kakatayika.

Kumadzulo ndi pakati pa Africa kuli mtundu wina waukulu wa therere umene kwa nthawi yaitali unkasokonezedwa ndi therere wamba. Katswiri wa ku Netherlands, J. S. Siemonsma, adaufotokoza mwatsatanetsatane ku Côte d'Ivoire m'chaka cha 1982, ndipo m'chaka cha 1988 J. M. C. Stevels adaupatsa dzina lakuti Abelmoschus caillei. Uli ndi makromosomu pafupifupi 190, umachedwa kubala, umakula ngati kachitsamba ndipo umapitiriza kupereka zipatso mvula itatha. Umazindikirika ndi timasamba tozungulira tsinde la duwa, tomwe pa mtunduwu ndi totambalala pomwe pa therere wamba ndi topyapyala. Mitundu iwiriyi ikakwatitsidwa imabala ana amphamvu koma ovutika kubereka, ndipo ichi chimachititsa kuti kusamutsa makhalidwe abwino kuchoka ku wina kupita ku unzake kukhale ntchito ya zaka zambiri.

Phunziro la ku India

India imalima pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse a therere la padziko lonse, ndipo Nigeria ndiyo imatsatira. Kumeneko mdani wamkulu wa mbewuyi ndi kachilombo ka vairasi kamene kamachititsa mitsempha ya masamba kusanduka yachikasu ndi zipatso kufumbata, matenda amene adalembedwa koyamba m'chaka cha 1924 m'dera la Bombay. Kachilomboka kamafalitsidwa ndi tintchentche toyera totchedwa Bemisia tabaci, ndipo munda ukagwidwa mbewu zikadali zazing'ono zokolola zambiri zimatayika. Cha m'ma 1960 bungwe la Indian Agricultural Research Institute lidatulutsa mtundu wa Pusa Sawani, umene kupirira kwake kudachokera ku mbewu yosonkhanitsidwa ku West Bengal. Mtunduwu udafala m'dziko lonselo ndipo udalowa m'malo mwa mitundu yambiri ya m'midzi, koma patapita zaka kupirira kwake kudatha, ndipo minda yambiri idapezeka ili ndi mbewu imodzi yogonja ku matenda amodzi. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri adatembenukira ku abale a therere, kuphatikizapo mbewu yochokera ku Ghana, ndipo mwa njira imeneyi mudatuluka mitundu monga Punjab Padmini ndi Parbhani Kranti. Kawiri konse chipulumutso chidachokera ku mbewu imene wina adaisonkhanitsa ndi kuisunga asanadziwe ntchito yake.

Alimi a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi safunika kuuzidwa za kuopsa kwa mbewu yofanana chibadwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 matenda a chisaka adawononga minda ya nthochi ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo adayenda mofulumira chifukwa nthochi zimafalitsidwa ndi mphukira, motero minda yathunthu inali ya zomera zofanana ndendende. Tintchentche toyera tomwe tija ndito timafalitsanso matenda a chinangwa m'madera otentha a kunyanja, ndipo m'maiko ena a mu Africa timafalitsa matenda opiringiza masamba a therere. Kumtunda, kumene fodya ndiye mbewu yaikulu ya malonda, kuli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, tomwe timagwira fodya ndi therere mofanana.

Mbewu ya therere yogulitsidwa m'mapaketi m'maiko ambiri a kummwera kwa Africa kawirikawiri ndi Clemson Spineless, mtundu umene udatulutsidwa ku Clemson m'chigawo cha South Carolina ku America m'chaka cha 1939. Ndi mtundu wabwino ndipo palibe chifukwa choubisira ubwino wake: sumayabwa kwenikweni, umafulumira, zipatso zake ndi zofanana kukula ndipo zimaoneka bwino pa msika wa ku Mzuzu kapena pa tebulo la m'mbali mwa msewu. Si wa haibulidi, kotero mlimi angathe kusunga mbewu yake, mosiyana ndi mitundu ya haibulidi imene ana ake amatuluka osiyanasiyana m'chaka chachiwiri. Chodetsa nkhawa ndi chakuti mtundu umene udasankhidwa zaka zoposa 80 zapitazo, m'dziko la nyengo ina ndi kaphikidwe kena, ukakhala wokhawo wopezeka m'sitolo ndi wokhawo wofunidwa ndi ogula a m'tauni, mitundu ya pakhomo imasiyidwa popanda wina kulengeza. Mayi amene sadasunge mbewu kwa nyengo ziwiri kapena zitatu chifukwa adagula paketi angapeze kuti njere zakale zafumbwa kapena zaleka kumera, pakuti m'malo otentha ndi achinyontho ngati Chiweta njere zimataya mphamvu msanga kuposa kumtunda kozizira.

Boma la Malawi lili ndi nkhokwe ya mbewu ya dziko lonse, Malawi Plant Genetic Resources Centre, imene idakhazikitsidwa ku Chitedze m'chaka cha 1992, ndipo imagwira ntchito limodzi ndi nkhokwe ya maiko a SADC imene ili ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka, yomwe idayamba m'chaka cha 1989 ndi thandizo la maiko a kumpoto kwa Ulaya. Therere lili ndi mwayi wakuti njere zake zimalola kuumitsidwa kwambiri ndi kuikidwa m'malo ozizira madigiri 18 pansi pa ziro, mmene zingakhale zamoyo kwa zaka zambiri, mosiyana ndi chinangwa ndi nthochi zimene zimafuna kusungidwa zili zomera. Koma ntchito yaikulu yosonkhanitsa therere padziko lonse idapendekera mbali imodzi. Gulu la akatswiri a ku France la ORSTOM, limene Serge Hamon ankagwiramo ntchito ku Côte d'Ivoire m'zaka za m'ma 1980, lidafufuza zitsanzo zoposa 2,000, ndipo zochuluka kwambiri mwa izo zinali za kumadzulo kwa Africa. Kuonjezera apo, pangano la maiko onse la mbewu za chakudya la m'chaka cha 2001, limene Malawi adalowamo, lili ndi mndandanda wa mbewu 64 zimene maiko amagawana mosavuta, ndipo therere mulibemo. Izi zikutanthauza kuti dziko limene silisunga therere lake silingayembekezere kudzalipeza mosavuta kwa ena, ndiponso kuti mbewu ya ku Malawi ikafunidwa kunja, kukambirana za phindu lake kumatsatira malamulo ena.

Nkhokwe yozizira imasunga mbewu monga idaliri tsiku limene idatengedwa, pomwe mbewu imene ikulimidwabe imapitiriza kusankhidwa ndi nyengo, matenda ndi manja a mlimi. Pakati pa njira ziwirizi pali nkhokwe za mbewu za m'midzi, ndipo boma la Rumphi lili ndi chitsanzo chodziwika mpaka kunja, nkhokwe ya Mkombezi, imene yathandizidwa ndi bungwe la Biodiversity Conservation Initiative la ku Mzuzu pamodzi ndi Development Fund ya ku Norway, ndipo akatswiri a ku Fridtjof Nansen Institute adaifufuza n'kusindikiza zotsatira zake m'chaka cha 2023. Pa nkhokwe yotere mlimi amabwereka mbewu nthawi yobzala n'kudzabweza yochulukirapo akakolola. Therere likuyenerera bwino dongosolo lotere chifukwa njere zake sizitenga malo, ndipo botolo limodzi lotsekedwa bwino lingasunge mbewu yokwanira mabanja ambiri. Chovuta chagona pa malamulo olembetsera mbewu, amene kawirikawiri amafuna kuti mtundu ukhale wosiyana ndi ina yonse, wofanana m'zomera zake zonse ndi wosasintha m'mibadwo. Mitundu ya makolo imalephera muyeso wachiwiriwo, pomwe kusafanana kwake n'kumene kumachititsa kuti zomera zina zipulumuke chaka cha chilala kapena cha matenda. Malawi adakhazikitsa lamulo latsopano la mbewu m'chaka cha 2022, ndipo mabungwe oimira alimi ang'onoang'ono akhala akulimbikira kuti mbewu yosungidwa ndi kusinthanitsidwa m'midzi ipatsidwe malo ake omveka.

Ntchito yosonkhanitsa therere la m'dera la Chiweta siifuna zipangizo zodula kuti iyambe. Imafuna kuti alangizi ndi magulu a alimi ayende m'miyezi ya Meyi ndi Juni pamene zipatso zakhwima, atenge mbewu pa zomera zambiri za m'munda uliwonse osati pa chimodzi chooneka bwino, ndipo pa chitsanzo chilichonse alembe mudzi, kukwera kwa malo, mtundu wa nthaka, dzina limene eni ake amautchula mtunduwo m'Chitumbuka, kumene adaupeza, ndi chifukwa chimene amausungira. Mbali yomalizirayi ndiyo imasiyidwa kawirikawiri, pomwe ndiyo imauza wofufuza kuti mtundu uwu umachedwa kukhwima, uwo umaterera ukafutsidwa, winawo umabalabe mvula itasiya. Mbewuyo iyenera kugawidwa patatu, gawo lina lipite ku Chitedze, lina ku nkhokwe ya m'dera, ndipo lina libzalidwe m'minda yoyerekeza kunyanja ndi kumtunda, maluwa ake oyenera kupereka mbewu atakutidwa ndi timatumba tsiku loti atseguka mawa lake kuti njuchi zisasakanize mitundu. Kupima DNA kungadze pambuyo pake, mitundu itadziwika kale m'munda ndi mumphika, kuti kuthandize kuona ngati mayina awiri akunena mtundu umodzi kapena ngati dzina limodzi likubisa mitundu iwiri.